Ndege ya pa nsungwi

Nyumba imene ndimachita lendi ku Chilomoni ili kunsi kwa chitunda, denga lake malata okhaokha. Netiweki imangofika pageti n'kubwerera.

Timizere ta pakona ya foni tija timanama. Pa Android lowani mu Settings, About phone, kenako SIM status, muone nambala ya dBm, muyeso wa mphamvu ya netiweki. Pa 4G ikakhala -80 zinthu zili bwino, -100 mupirira, ikafika -115 yambani kufunafuna envulopu ndi sitampa. Pabalaza panga inali -116, pawindo -107. Nditakwera pa mulu wa njerwa kuseri, mkono uli m'mwamba ngati wolumbira kukhoti, inafika -94. Ma dB 10 alionse mphamvu imachuluka kakhumi, ndiye kuti pa njerwa paja panali mphamvu yoposa ya pabalaza nthawi zopitirira 100. Vuto anali malata ndi chitunda basi.

Ndinagula nsungwi ya mamita 6, kaMiFi (kachipangizo kolowetsamo SIM kadi kogawa intaneti pa Wi-Fi) n'kukamangirira kunsonga ndi mphira za chubu cha njinga. Wi-Fi ya 2.4 GHz inkalowa bwinobwino kudzera pawindo. Chingwe cha USB chachitali chonchi chimataya moto m'njira, batire osadzadza, choncho ndinamangirira limodzi power bank. Zonsezo ndinakulunga m'jumbo yakuda. Pamenepo ndinalakwa pawiri. Chakuda chimakoka dzuwa, ndipo kutentha kwa Okutobala kukhoza kufufumitsa batire. Chofunika ndi chigubu choyera choboola kunsi kuti mpweya uzilowa. Chachiwiri, sindinamate tepi pa timanyali tophethira ta kaMiFi tija.

Masiku awiri ndinadya bwino. Usiku wachitatu magetsi anazima dera lonse, mdima wa ndiweyani. Ndinali kutumiza fayilo ya kuntchito, itafika 87% inaima. Ndinaganiza kuti ndi kuchulukana kwa anthu pa tawa, paja madzulo aliyense amakhala pa foni, kapena mabatire a tawa atha. Kenako ndinamva phokoso kuseri: “Igwe! Igwe!”

Kutuluka, ndinapeza chikhamu. Amayi eni nyumba ali patsogolo, chitenje chomanga m'chiuno, beseni la madzi a mchere lili m'manja. Anyamata atatu ali ndi malegeni. Jumbo yanga ili pansi, ikuphethirabe mobiriwira.

“Achimwene, musayandikire! Ndege yatera pa nsungwi. Mafuta awathera anthu ake.”

“Mayi, si ndege iyo. Ndi yanga, ndinaikweza ndine.”

Onse zii. Wina anabwerera m'mbuyo mapazi awiri.

“Ndiye mwavomera nokha kuti ndi yanu?”

Ndisanatsegule pakamwa, beseni lonse khuthu! pa jumbo. Akakhala madzi wamba, chipangizo chikhoza kupulumuka mukachotsa batire msanga n'kuchiumitsa, koma mchere umadya timawaya ta m'kati. Kanyali kanaphethira kofiira kamodzi, kenako thii. Amayi ena kumbuyo anaimba nthungululu.

Ndinalongosola za ma dBm mpaka kummero kuuma, tochi ili m'manja, kuwaonetsa SIM kadi ndi lisiti la kusitolo. Amayi eni nyumba anati lisitilo aliona, koma nsungwiyo ichokebe, ndipo mchere wawo ndibweze.

Anthu akubalalika, mnyamata amene anaigwetsa uja anandiyandikira, legeni ili m'khosi.

“Pepani biggie. Koma mukagula ina mudzatigaireko pasiwedi.”