Kompyuta Yodwala M'mawa Mokha

Kompyuta yanga inayamba kudwala mu Okutobala, ndipo inali ndi nthawi yake yodwalira: m'mawa basi. Ine ndimataipira ana a ku yunivesite ntchito zawo m'kachipinda ka lendi ku Chikanda. Ndiye tangoganizani, kasitomala wakuimirirani kumbuyo akudikira pepala lake, sikirini n'kungosanduka yapinki, timizere tikuthamangitsana, zilembo zikunjenjemera ngati zagwidwa malungo. Pakapita kanthawi zonse n'kubwerera mwakale.

Aliyense anasanduka dokotala. Wina anati ndi vayilasi, ndinafomata n'kuikanso Windows 10, bandulo yonse n'kuthera pa madalaiva, timapulogalamu toyendetsa zida za kompyuta. Achimwene anati ndi kutentha, poti dzuwa la Okutobala ku Zomba silinyengerera munthu. Tinakokera kompyuta pabwalo, tinauzira fumbi la pa fani mpaka tonse kuyetsemula, tinazula RAM n'kuipukuta ndi labala. M'mawa mwake, pinki uja ali pompo. Mayi ogulitsa mandasi panja anangondinong'oneza kuti, "Bambo, makasitomala akuchulukirani. Si onse akukondwa."

Ndinaitana mnyamata wina wokonza makompyuta wa ku Matawale. Vuto lake ankabwera masana, ndipo kompyuta ikangomuona inkachiriratu. Anayamba kundiyang'ana mokayikira, mwina ankaganiza kuti ndimalawirira ku kachasu. Komabe anandipatsa nzeru.

"Achikulire, zikayamba mudzadine Print Screen, batani lojambula zomwe zili pa sikirini, chithunzicho mudzanditumizire pa WhatsApp. Chikadzaoneka chapinki pafoni yanga, matenda ali m'kati, pa khadi ya zithunzi kapena pa dalaiva. Chikadzabwera choyera, tidzafufuza chingwe ndi monita."

Chinapita choyera mbee, pamene ine ndinali kuona pinki ndi maso angawa.

Loweruka analawirira. Tinakhala phee, tikudya mandasi a mayi aja, mpaka cha m'ma 9 koloko sikirini inayamba zake. Mnyamatayo anasekerera. Anati chingwe cha VGA, cha mutu wabuluu chija cholumikiza monita ku kompyuta, chili ndi mapini 15, ndipo mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu uliwonse umayenda njira yakeyake. Pini ya wobiriwira ikangotayana ndi malo ake, zoyera zonse zimasanduka zapinki. Changacho ndinachigula chilibe timasikuluwu tiwiri tomangira, ndiye chinkangogwira mwa chisomo.

"Koma chingwe sichigwedezeka chokha," anatero akukwawira kunsi kwa desiki. Anapisa dzanja kuseri, komwe kunali katoni ya mapepala akale.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsewu. Anatuluka chafutambuyo atagwira chala, mutu n'kuuombanso kudesiki, ndipo pambuyo pake panatuluka thadzi lofiira likutetera, mapepala a kasitomala ali balala. Inali nkhuku ya amayi eni nyumba. Inkalowa ndikatsegula chitseko kuti mupite mphepo, n'kukadzipezera malo m'katoni muja, pomwe pamatulukira kampweya kofunda ka fani. Ikakhala pansi kuti iikire, inkatsamira chingwe. Ikamaliza n'kunyamuka, kompyuta n'kuchira. Kutetera ndinkakumva ndithu, koma ku Chikanda ndani amatembenukira nkhuku?

M'katonimo munali mazira 7. Mnyamata uja anaika chingwe chatsopano, anamanga masikuluwu mwaukali, n'kunena kuti mtengo wa ntchito ndi wina, wa chala ndi wina. Wa chalawo anatenga mazira onse m'jumbo n'kukwera kabaza.

Madzulo amayi eni nyumba anafika atamva kale nkhani yonse kwa mayi a mandasi. Sabata yonseyo anali akukalipira galu wa aneba kuti ndiye akuwathera mazira.

"Bambo a kompyuta, mazira anga ali kuti?"

Ndinayesa kufotokoza za mapini 15. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mtengo wa mazirawo auphatikiza pa lendi ya Novembala. Anawonjezanso kuti katoniyo ndisaisunthe, nkhuku yawo inazolowera pamenepo ndipo yatsala pang'ono kufungatira.