Mmene anandiikira port pachifuwa

Bere lakumanzere atandichotsa chifukwa cha khansa, anachotsanso anabele a m'khwapa, ndipo dzanja la mbali imeneyo anandiletsa kubayitsapo dripu. Kemo yonse, mankhwala a khansa aja, inkalowera kumanja mpaka mitsempha inauma, anamwino n'kumafufuza pobaya osapapeza. Mankhwala ofiira aja, doxorubicin, akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu, choncho adokotala anati ndiikidwe port. Ndi kachipangizo kofanana kukula ndi chitsekerero cha botolo, kamene amakakwirira pansi pa khungu pachifuwa, ndipo kapaipi kake kamadutsa mumtsempha wa m'khosi kukafika mumtsempha waukulu wolowa mumtima.

Kwathu ku Bembeke anthu atamva za khosi ndi mtima anachita mantha, inenso chimodzimodzi. Ndinafunsa adokotala mosabisa kuti chingalakwike n'chiyani. Anati mtsempha umene akufunawo wagundizana ndi wina wopititsa magazi kumutu, ndipo cha m'munsi pang'ono pali nsonga ya phapo. Singano ikasochera ikhoza kuboola chimodzi mwa ziwirizi. "N'chifukwa chake sitibaya mongoganizira, amayi. Timaona kaye pa sikani."

Anayamba andiyeza magazi, makamaka ngati amaundana bwino ndiponso ngati chitetezo sichinatsike ndi kemo. Ndinasainira fomu. Pa tsikulo tinanyamuka ku Dedza m'mamawa ndi mlamu wanga kupita ku Lilongwe, ine osadya kanthu monga anandiuzira.

Ku fiyeta anandigoneka chagada, mutu motsikirako, nkhope kuyang'ana kumanzere. Asanandifunditse nsalu ndinapempha kuti ndione nawo, ndipo anatembenuzira makinawo kwa ine. Ndi sikani yomwe ija ya kusikelo ya amayi oyembekezera, koma kachipangizo kake anakaika pakhosi. Panaoneka timabowo tiwiri takuda. Adokotala atasindikiza pang'ono, kamodzi kanaphwatalala, koma kachiwiri kanakhalabe kozungulira, kakugunda. "Kophwatalalaka ndiye kathu. Kogundaka sitikakhudza." Singano nayo amaitsatira pamakinapo mpaka italowa. Mtima wanga unakhala pansi pamenepo, chifukwa ndinadzionera ndekha kuti munthuyu akuona kumene akupita.

Anatsuka khungu ndi mankhwala ozizira, nandibaya jakisoni wochititsa dzanzi. Ameneyo ndiye anawawa, kanthawi kochepa. Kenako ndinkangomva kukankha ndi kukoka pamene ankakonza kathumba pachifuwa ndi kudutsitsa kapaipi pansi pa khungu. Ndinali maso, namwino akundifunsa pafupipafupi ngati ndikupuma bwino. Ola lisanathe anali atasoka. Anandijambula X-ray ya pachifuwa kuti aone pamene nsonga ya kapaipi yaima ndiponso kuti phapo silinakhudzidwe, ndipo madzulo ndinatuluka.

Sikani imateteza tsiku loika lokha, zotsala zili m'manja mwako. Bala linafunika kukhala louma mpaka litapola, ndiye ndinkasamba chopukuta. Ndowa ya madzi ndi matumba a mbatata ndinasiyira ena. Chimene chinandipweteka mtima n'kukana kubereka mdzukulu, pakuti mfundo ya chitenje imagwera pabala penipeni.

Port sabaya ndi singano wamba. Ili ndi yakeyake, yotchedwa Huber, yosang'amba kalabala ka pamwamba pake, ndipo woibaya ayenera kukhala woti anaphunzitsidwa, atavala magolovesi ndi kutsuka khungu bwinobwino. Ndikapita kuchipatala cha pafupi ndi matenda ena ndimaonetsa khadi lake, n'kupempha mwaulemu kuti ngati singanoyo palibe andibaye padzanja lakumanja. Pamene sikugwira ntchito imafunika kutsukidwa ndi madzi amchere a m'chipatala, ine anandiuza mwezi uliwonse, kuti magazi asaundane m'kapaipi. Ndalama ya minibasi ndimaisungiratu.

Za kutentha thupi anandibwerezera kangapo. Kuno thupi likatentha timathamangira kunena kuti ndi malungo, n'kumwa panado. Kwa munthu wa kemo amene ali ndi port, kufika madigiri 38, kapena kunjenjemera atangoitsuka, kungatanthauze kuti tizilombo talowa m'magazi, ndipo ndi zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Chimodzimodzi pabala pakafiira kapena kutuluka mafinya, dzanja, khosi kapena nkhope zikatupa, kapena mpweya ukamabanika. Ndinagula choyezera kutentha ku famase, ndipo nambala ya wakabaza wa njinga yamoto ili m'foni ya aliyense pakhomo pano.