Mayunitsi: kugula ambiri nthawi imodzi kapena mwezi ndi mwezi?

Abale athu okhala ku UK amachita kusankha okha, kusaina pangano loti mtengo wa magetsi usasinthe kwa chaka chathunthu kapena kuusiya uzikwera ndi kutsika motsata msika. Kuno ku Kasungu mwayi umenewo palibe. Magetsi timagula ku ESCOM kokha, ndipo mtengo amavomereza ndi a MERA, bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi, mafuta ndi gasi. Mu 2023 anavomereza kuti ukwere m'magawo kwa zaka zinayi, komanso pali dongosolo loti kwacha ikagwa kapena katundu akakwera, mtengowo uwunikidwenso. Kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023 sitinakuiwale. Tifune tisafune, tonse tili pa mtengo wosinthasintha.

Komabe mita ya pulipedi ili ndi khalidwe limodzi lotikomera: siisunga ndalama, imasunga mayunitsi. Yuniti yomwe mwagula lero ikhalabe yuniti ngakhale mtengo ukwere mawa. Mlimi amene walandira ndalama za fodya wa ku Chinkhoma angathe kudzikhazikira yekha mtengo pogula mayunitsi a miyezi ingapo. Funso ndi lakuti agule angati, ndipo apa ndi pamene ambiri amaluza akuganiza kuti achenjera.

Yambani ndi kudziwa mayunitsi amene nyumba yanu imadya. Lembani nambala ya pa mita Lolemba m'mawa, mudzalembenso Lolemba linalo, kusiyana kwake muchulukitse kanayi. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka ola limodzi. Mababu asanu a LED a mawati 9, oyaka maola asanu usiku uliwonse, amadya mayunitsi 7 okha pamwezi. Firiji yaing'ono imadya pafupifupi yuniti imodzi patsiku. Chilombo ndi hotipuleti: ya mawati 1,500 ikamayaka maola awiri patsiku, mwezi ukamatha yameza mayunitsi 90. Nyemba zosaviika zimaonekera pa mita.

Nyumba za mita ya single phase, yomwe ili m'nyumba zambiri, zimagula mayunitsi 50 oyamba a mwezi uliwonse motsika mtengo, opitirira apo ndi odula. Mayunitsi otsika mtengowa amawerengedwa pa zomwe mwagula m'mweziwo, osati pa zomwe mwagwiritsa ntchito, ndipo mwezi ukadutsa osagula, mwayi wake wapita.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Enieni muwaone pa lisiti yanu. Tinene kuti yuniti yotchipa ndi K100, yodula K150, nyumba imadya mayunitsi 120 pamwezi, ndipo kwalengezedwa kuti mwezi wamawa mtengo ukwera ndi 20 pa 100.

Wogula mwezi ndi mwezi alipira K15,500 mwezi uno, kenako K18,600 kawiri. Miyezi itatu, K52,700. Wothamangira kugula mayunitsi onse 360 lero apeza 50 okha otchipa, ena 310 odula, zonse K51,500. Wapulumutsa K1,200 yokha, pamene watsekera ndalama zake zonse m'mita. Koma wogula lero mayunitsi 50 otchipa ndi 210 odula a miyezi yonse itatu alipira K36,500, kenako mwezi uliwonse azingogulako 50 otchipa aja pa K6,000. Zonse pamodzi K48,500, ndiye kuti wapulumutsa K4,200 poyerekeza ndi wogula mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti gawo loyenera kugulirathu ndi lodulalo, lotchipalo muzilitola mwezi ndi mwezi. Ngati nyumba yanu siipyola mayunitsi 50, musavutike n'komwe, kugulirathu kungokulowetsani pa mtengo wapamwamba womwe simukanaukhudza.

Phindu la K4,200 limenelo limafuna kuti mutulutse K21,000 yowonjezera lero. Mukaitenga ku banki m'khonde ya chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, mwezi umodzi wokha phindu lonse latha. Za katapila ndiye tisanene.

Tokeni ya manambala 20 ija ilowetseni tsiku lomwelo. Ena amaisunga m'foni n'kumalowetsa zatsopano, koma mita ikhoza kukana tokeni yakale kwambiri, ndipo foni ikatayika uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umapita nayo. Tokeni imagwira pa mita yomwe munaigulira basi, choncho werengani nambala ya mita kawiri musanatsimikize. Alendi akumbukire kuti mayunitsi sasamuka ndi katundu: eni nyumba akakupatsani notisi, otsalawo adzadya wolowa m'malo mwanu. Palinso vuto la m'nyumba momwemo. Ana akaona mita ikuonetsa 300, ayironi imayamba kusita ndi masokosi omwe, ndipo mayunitsi a miyezi itatu amatha m'masabata asanu ndi limodzi.

Mtengo wokhazikika weniweni umapezeka m'nyumba za mdadada zogawana mita imodzi, kumene landilodi amati aliyense azipereka zakutizakuti pamwezi, "ya magetsi". Wophikira hotipuleti zimenezi zimamukomera, pamene wa mababu awiri ndi kutchaja foni akulipirira nsima ya mnzake. Mtengo ukakwera mayunitsi amatha pa 20 mwezi usanathe, ndipo mkangano wa amene awonjezere umayambira pomwepo. Mankhwala ake ndi kamita kakang'ono kowerengera khomo lililonse, koikidwa ndi amisiri a magetsi ovomerezeka, aliyense azilipira zomwe wadya. Zikakanika, gwirizanani polemba kuti zololedwa ndi ziti komanso kuti ndalamayo idzasintha bwanji MERA ikalengeza mtengo wina.

Sola yolipira pang'onopang'ono nayonso ndi mtengo wokhazikika, ndipo kumadera ngati Chamama kapena Santhe, kutali ndi mapolo, nthawi zambiri ndi njira yokhayo. Kwacha ikamagwa, ngongole yolembedwa m'makwacha imapepukira wolipira. Musanasaine funsani ngati kampani ili ndi ufulu wokweza malipiro pakati pa pangano, masiku omwe amadikira asanatseke chipangizo mukachedwa, ndi zaka zomwe batire ili pa chitsimikizo. Phatikizani malipiro onse mpaka kumapeto muyerekeze ndi mtengo wa kashi. Dziwaninso kuti sola zazing'onozi ndi za nyale, foni ndi TV, mphika siziutha.

Makala amakwera dzinja likafika, misewu ikaterera ndipo owotcha ali kumunda, n'chifukwa chake ena amagula matumba mu September kapena October. Thumba liikidwe pa matabwa, lisakhudze simenti kapena khoma, chifukwa makala onyowa amafuka n'kuphulika m'malo moyaka. Litsanuleni muone pansi pake, kumene kumabisala fumbi ndi zikuni zosapsa. Koma makala opanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lamulo la za nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango, kotero matumba khumi osadziwika kochokera angalandidwe onse pa rodibuloko. Gasi mtengo wake pa kilogalamu amalengezanso a MERA. Silinda yachiwiri yodzaza imakutetezani ku kukwera kumodzi komanso masiku amene gasi wasowa, bola ikhale chilili pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula.