Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Chipumi, sizasi ndi ukwati wa mu Okutobala

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditapeza ntchito ya mu ofesi ku Limbe, nditachoka kwa azakhali n'kukachita lendi kachipinda kangakanga ku Bangwe. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti nanga bambo a kunyumba kuno tinakumana bwanji. Tifikako, koma njira yake ikudzera ku saluni, ndiye mupirire pang'ono.

Ine ndili ndi chipumi. Osati kachipumi, ayi, chipumi cha ku mtundu. Agogo anga aakazi anali nacho, amayi ali nacho, ndipo pa ana onse m'nyumba mwathu chinasankha ine. Ku pulayimale anyamata ankanditchula kuti Chileka, ati ndege itha kutera popanda vuto. Pobisala panalibe, poti m'sukulu za boma mtsikana aliyense ankayenera kumeta. Holide ikamatha, bambo ankatikhazika pakhonde mmodzimmodzi, sizasi ndi chipeso m'manja, n'kutisiya mitu ili mbee. Ku sekondale zinali chimodzimodzi. Nditamva mu 2023 kuti khoti lalikulu ku Zomba lagamula zoti ana achi Rasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, ndinasangalala nawo, koma kamtima kena kanati, ife a zipumi bwenzi atatiganizirako kalelo.

Nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndinachita zomwe mtsikana aliyense amachita: kusunga tsitsi. Litatalikirapo ndinaika relaxer, mankhwala aja owongola tsitsi, kenaka ndinayamba mesh, tsitsi logula lolukira kumutu. Nthawi imeneyo ndalama kunalibe, choncho ndinkalukitsa kwa atsikana a pakhonde, aja oluka mokoka kuti zikhalitse. Usiku woyamba sugona, umamwa Panado n'kutsamira pilo ndi chibwano. M'mbali mwa mutu mumatuluka timatuza ting'onoting'ono, iwe n'kumati ndiye kuti agwira bwino. Tonse tinkaganiza choncho. Zaka zikupita, tsitsi la kutsogolo linkathothoka pang'onopang'ono, makamaka m'makona a chipumi. Madokotala amalitcha vutoli traction alopecia. Mizu ya tsitsi ikamakokedwa kosalekeza imatopa, ndipo ukaleka msanga tsitsi limamera, koma ukapitiriza zaka zambiri mizu ina imaferatu.

Maganizo a fringe anandilowa mu Januwale 2013, pomwe Michelle Obama anatulukira atadula tsitsi logwera pamphumi, kutatsala masiku ochepa kuti amuna awo alumbire kachiwiri. Zithunzi zinadzaza Facebook. Ndinasunga chimodzi mufoni, ndipo foni ikafa ndinkachisakanso. Sindinauze munthu. Ndinkangoti ndikakhala ndekha ndimakoka tsitsi la pakati pa mutu n'kuligwetsera kumaso, n'kulipinda ndi zala molingana ndi nsidze, kuonera pagalasi.

Chomwe chinandidzidzimutsa ndi chiphaso cha unzika. Mukukumbuka kalembera wa mu 2017, tonse tili pamizere m'masukulu. Pojambula pamafunika nkhope yonse ioneke, ndiye ndinakankhira tsitsi kumbuyo. Khadi itabwera ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Chipumi ndinkachidziwa, koma apa chinali chitalanda malo ena omwe kale anali a tsitsi. Pagalasi umadzinamiza, umapendeketsa mutu momwe ukufunira. Kamera ya kalembera ilibe chisoni chotero.

Chaka chomwecho msuweni wanga anakonza ukwati wa mu Okutobala, ndipo anandiika pa gulu la operekeza mkwatibwi. Pa gulu lathu la WhatsApp anatumiza chithunzi cha momwe tonse tidzakonzere kumutu: tsitsi lokokera kumbuyo, lomanga kamfundo pankhongo, kumaso kopanda kalikonse. Anzanga onse anayankha ndi timitima. Ine ndinamuimbira pambali.

"Asuweni, ine zokokera kumbuyozi mundikhululukire. Ndilole ndidule fringe."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati, "Dula, bola usadzandipose."

Chilolezo chinapezeka, koma mtima unayamba kugunda pawiri. Ndinayamba kufunsa aliyense. Mnzanga wa ku ofesi, yemwe amasintha tsitsi sabata ndi sabata, anati ndidule lero lomwe, tsitsi limamera. Wina anati nkhope yanga ndi yozungulira, fringe idzaifupikitsa. Winanso anati ayi, nkhope yanga ndi yaitali, fringe ndiye mankhwala ake. Anthu awiri, nkhope imodzi yomweyo. Pamenepo ndinaona kuti malangizo ambiri a za tsitsi munthu amakhala akunena za mutu wake.

Kumapeto a mwezi ndinapita kumudzi ku Chiradzulu kukasiya ndalama ya feteleza, ndipo ndinawaonetsa amayi chithunzi cha Michelle Obama chija. Amayi ndi a Mvano, mutu wawo anthu ambiri amaudziwa uli m'duku. Anakula nthawi ya Kamuzu, pomwe lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna nawo osaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Kwa iwo kudzikonza ndi kusamba, kudzola, kumanga tsitsi ndi ulusi, basi. Anaitalikitsa foniyo kumaso, n'kuiyandikitsanso.

"Ndiye tsitsi lizikulowa m'maso dala? Ukubisala ndani, uli ndi ngongole?"

"Ayi amayi, n'chifukwa cha chipumichi."

"Chipumi chake chiti? Chomwechi ndili nacho inechi? Bambo ako anachiona masana dzuwa likuswa mtengo, koma anatuma ankhoswe."

Sanandiletse. Anangonena kuti kwathu munthu wamkulu amaika sizasi kumutu pakakhala chifukwa, monga pometa maliro, ndipo ngati ndadula ndisasiye tsitsilo pansi pa saluni, nditole ndikataye ndekha m'chimbudzi. Mukudziwa chomwe ankaopa. Ine zimenezo sindizikhulupirira kwenikweni, koma mpaka lero ndimatola.

Amene anandithandiza zenizeni ndi anti a saluni ina ya ku Bangwe komweko, mayi wodekha, wosakonda miseche, yemwe ndinali nditangoyamba kupitako. Ndinalowa Loweruka m'mawa nditatsimikiza mtima, ndinakhala pampando, n'kunena kuti, "Anti, lero mundidule fringe." Sanatenge sizasi. Anatenga chipeso chamchira, n'kuyamba kugawa tsitsi langa mwakachetechete.

Anandionetsa kuti fringe sichokera pamzere wa kutsogolo pokha. Amagawa chigawo cha makona atatu, nsonga yake ili chapakati pa mutu, m'munsi mwake mukulekeza kumapeto a nsidze uku ndi uku. Tsono poti langa la kutsogolo linali lopyapyala, akanayenera kuyambira kumbuyo kwambiri kuti ipezeke yodzadza, kutanthauza kudula gawo lalikulu la tsitsi lomwe ndinalisunga kuchokera ku Fomu 4.

"Achemwali, kudula ndi mphindi zisanu," anatero. "Koma tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, lathuli mwinanso osafika. Mukadana nayo Lolemba, muzaipirira mpaka chaka chamawa ngati nthawi yomwe ino isanafike kuseri kwa khutu."

Kenaka anayamba kundifunsa mafunso omwe palibe mnzanga anandifunsa. Ndimadzuka nthawi yanji? Ndimayenda mtunda wautali bwanji kukakwera minibasi? Ndimatuluka thukuta pamphumi? Ndili ndi kachitsulo kamagetsi kowongolera tsitsi? Ndipo ngati ndili nako, magetsi ndimawaona kangati?

Funso lomalizali linandigwetsa ulesi. Chaka chimenecho madzi a m'nyanja ndi mu Shire anali atatsika, ndipo poti magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje womwewo, ankathima maola ambirimbiri. Ngakhale mu saluni momwemo dryer inali itangokhala, amayi ena akuumitsa mitu padzuwa kunja. Anti anandifotokozera kuti tsitsi la relaxer likagonedwa, m'mawa limadzuka litaloza komwe lafuna. La kumbuyo umalimanga, nkhani yatha. La pamphumi lilibe pomangira, liyenera kuwongoledwa tsiku lililonse, ndipo kuliwotcha tsiku ndi tsiku kumalithyola. Pakatha milungu ingapo, tsitsi latsopano lomera pansi, lomwe ndi lopotana mwachibadwa, limayamba kuinyamula fringe ija m'mwamba, ndiye imaoneka yaifupi kuposa momwe anaidulira. Ukafuna kuigonetsa umathamangira retouch, kuikanso relaxer, nthawi isanakwane, pomwe relaxer imafuna kudikira miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndipo mankhwalawo akugwera pamalo pomwe pali povulala kale.

Ndinayesa kuzemba. "Nanga ndikadikira Juni, kukazizira?"

"Juni wa ku Blantyre? Ndi chiperoni chija? Mudzatuluka m'nyumba muli Michelle Obama, pofika pa siteji muli inu nomwe."

Anawonjezanso za mafuta. Ife timadzola tsitsi, ndipo tsitsi lodzola likagona pakhungu tsiku lonse, kotentha, ziphuphu zimatuluka pamphumi. Ndiye umazibisa ndi fringe yomweyo, izo n'kumachulukira. Komanso tsiku lomwe ndidzafune kuluka, tsitsi lalifupi la kutsogolo ndi lomwe oluka amalikoka kwambiri kuti ligwire.

Ine ndinakhumudwa, ndisaname. Ndinabwera ndi ndalama yanga, ndi mutu wanga, ndi chithunzi chomwe ndinachisunga zaka. Koma mpaka pano ndimawalemekeza anti aja, chifukwa woluka wina akanangodula, kulandira ndalama, n'kundiyamikira kuti ndatchena. Ataona nkhope yanga itagwa anati, "Sindinakane fringe. Ndakana kudula lanuli. Pitani ku Limbe mukagule wigi, tidule imeneyo. Mukaivala mwezi wathunthu n'kuikondabe, mubwere, ndidzakudulani ndi manja awiri."

Ndinagula wigi yakuda yolekeza m'mapewa, ya mtengo wapakati, poti za human hair zinali za anthu a malipiro ena. Anti anandiluka mizere yomasuka, yosakoka ngakhale pang'ono, osakhudza timatsitsi ta m'makona tija. Anandiveka wigi, n'kuidula ili pamutu panga, youma. Anayamba ndi kusiya yaitali mpaka m'maso, kenaka n'kumachotsa pang'onopang'ono, nsonga ya sizasi italoza m'mwamba kuti m'mphepete musakhale mzere wouma. M'mbali anasiya motalikirapo kuti zitsikire m'masaya. Atamaliza anandizunguliza pampando.

Abale, ndinakongola. Palibe chifukwa chodzichepetsera apa. Chipumi chinasowa, ndipo kwa nthawi yoyamba chinthu choyamba kuoneka pankhope panga anali maso. Amayi omwe ankaumitsa mitu panja analowa kudzaona.

Masabata otsatirawo ndi omwe anandiphunzitsa zotsalazo. Mu minibasi ndinasiya kulimbirana mpando wa pawindo, chifukwa mphepo ikangowomba fringe inkagawanika pakati, Chileka n'kuonekera. Pa kompyuta ndinkangophethira, dzanja lili kumaso kukankha tsitsi. Pofika masana pansi pake pankakhala chinyezi chokhachokha, ndipo ziphuphu zomwe anti ananena zinafika pa nthawi yake. Chomwe chinkandipulumutsa n'chakuti madzulo ndikalowa m'nyumba ndinkaivula n'kuikoleka pa botolo, mphepo n'kundiomba pamphumi. Tsiku lililonse pa nthawi imeneyo ndinkadzifunsa kuti ikanakhala yanga yeniyeni ndikanaikoleka pati.

Ukwati unafika, kutentha kwa mu Okutobala kuli pachimake. Kutchalitchi zinayenda bwino, pa zithunzi ndinaima kutsogolo mosaopa. Ku holo ndiye kunali ntchito. Tinalowa ndi masitepe omwe tinayeserera kwa milungu, thukuta likutsika m'nsidze, ufa wa kumaso ukusungunuka, fringe itamatirira. Anzanga okokera kumbuyo aja ankangopukuta ndi kansalu kamodzi n'kupitiriza. Ine ndinkachita kunyamula tsitsi ndi dzanja limodzi, kupukuta ndi linalo, n'kulibwezeretsa, ndikuyang'ana ngati wa vidiyo sakundiona. Pakati pa gule ameneyo ndi pomwe ndinagamula mlandu: langa sindidula. Ndinagamulanso kuti mesh yokoka ndasiyana nayo, ndipo makona a chipumi ndiwapatsa mpata amere.

Nthawi ya perekaniperekani itakwana, ndinapita pa tebulo la osintha ndalama ndi K2,000 yanga, ija inali itangotuluka kumapeto a 2016, kuti andipatse ma K50 oponya. Pa tebulopo panali mnyamata wa kuchimuna, wa malaya oyera, akuwerenga ndalama mosathamanga ngakhale anthu ankamukuwiza. Anandipatsa zosinthazo, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Achemwali, muwerenge, ndingakubereni. Maso anuwo andisokoneza." Ndinamuyankha kuti asamale ndalama za eni ake. Koma ndinapitanso kukasintha kachiwiri, ngakhale ma K50 oyamba aja anali asanathe, ndipo pofika nthawi yodula keke nambala yanga inali mufoni mwake.

Mawa lake mng'ono wa mkwatibwi, yemwe amaphunzira ku Lilongwe, anandigwira mwendo kuti ndimubwereke wigi ija akajambulitse nayo, adzabweza pa holide ya Khirisimasi. Ine n'kutopa kwanga ndi ziphuphu zanga ndinamupatsa ndi mtima woyera, mpaka ndinamuperekeza kukakwera basi ku Wenela.

Lachitatu madzulo foni inalira. Anali wosintha ndalama uja. Anati akufuna tikamwe zoziziritsa kukhosi Loweruka m'tauni, ndipo anawonjeza kuti sangandisowe pagulu, adzandizindikira ndi katsitsi ka pamaso kaja. Ndinavomera, ndinadula foni, ndinaimbira mng'ono wa mkwatibwi. Foni yake inali yozimitsa.

Zomwe ndinavala kumutu Loweruka limenelo, ndi zomwe iye ananena atandiona, ndikuuzani m'gawo 12.