Viburnum uja kusachita maluwa, kani vuto linali chikwanje changa

Abale inu, lero mtima wakhala pansi. Zaka ziwiri ndakhala ndikulimbana ndi viburnum, chitsamba cha maluwa chimene malume anabwera nacho kuchokera ku Joni ife n'kudzala kuseri kwa nyumba kuno ku Ulongué ku Mozambique, masamba obiriwira onyezimira bwinobwino koma duwa olo limodzi ayi. Manyowa a ng'ombe ndinathira, feteleza wotsala ku mbatatesi ndinathira, mpaka ndinayamba kuganiza kuti malume anawagulitsa chitsamba wamba pamsewu.

Za dothi, dzenje ndi kuthirira sindinenapo, anzanga a m'kalasi mukuzidziwa. Chimene chanditsegula mutu ndi ichi: viburnum amaika timaso ta maluwa pa nthambi zimene zinakula nyengo yapitayo. Nthambi yaphuka ndi mvula ya Januwale, imakhwima, imasunga timaso take nyengo yonse yozizira, kenako kukayamba kufunda m'pamene imatulutsa maluwa. Ndiye ine ndimatani? Juni aliyense tikamaliza kukolola, poti ndi nthawi imene manja amapezako mpata, ndimatenga chikwanje n'kumumeta mozungulira kuti aoneke waudongo ngati mpanda wa pa ofesi. Ndimadula maluwa anga ndekha asanabadwe n'komwe! Ndipo feteleza uja amangomuonjezera masamba basi. Kudulira kwake ndi maluwa akangofota, pompo, kuti mphukira zatsopano zipeze nthawi yokhwima. Ukachedwa wadya za chaka chamawa.

Chondipweteka n'choti mawu amenewa anali mu kope langa kalekale. Aphunzitsi analemba pa bolodi kuti dulirani maluwa akatha, ife n'kukopera, belu n'kulira, iwo n'kutuluka. Chifukwa chake osanena. Komanso manotsi awo ndi ochokera m'mabuku a ku Ulaya, miyezi osaitembenuza. Analemba kuti Viburnum farreri, uja wa kumpoto kwa China amene anapatsidwa dzina la Reginald Farrer, amachita maluwa onunkhira apinki ndi oyera pa nthambi zopanda masamba kuyambira cha mu Novembala kudutsa nyengo yozizira. Ine n'kumadikira Novembala wathu wa mvula yoyamba, chonsecho kuzizira kwathu ndi Juni ndi Julaye. Ndiponso wathuyu si farreri n'komwe, ndi Viburnum odoratissimum, sayoyola masamba, maluwa ake ndi oyera ndipo amabwera kukayamba kufunda. Mitundu iwiri yosiyana, koma pa mayeso amangofuna uloweze dzina lachilatini. Pulakitiko ya semesita yonse inali masana amodzi, theka lake tinathera kufunafuna kiyi wa ku nazale.

Pa nkhani yochulukitsa, musandiuze za zodula zoika m'machubu. Ndinaika 20, zinagwira 2, zina zonse zinaola. Kugoneka nthambi ndiye dilu. Umasankha nthambi yapansi yofewa, kupala khungwa pang'ono kunsi kwake, kuikwirira ikadali pa mayi wake, nsonga kuisiya panja, pamwamba kutsindira mwala kuti nkhuku zisafukule. Imadya kwa mayi mpaka itachita mizu yake, ndiye sifota olo uiwale kuthirira sabata. Inde imatenga miyezi yambiri, mwina chaka, ndipo mnzanga wina amati munthu wa bizinezi sangadikire mbande zitatu chaka chonse. Zake zimenezo, ine zanga zitatu zonse zinagwira.

Chaka chino chikwanje ndachibisa, mng'ono wanga ndamuuza kuti akangomukhudza tiyambana. Viburnum wayamba kuoneka nyankhalala, amayi akudandaula kale kuti mubisala njoka. Kunsonga kwa nthambi zina ndikuona timatuza, koma kaya ndi maluwa kaya ndi masamba chabe, maso anga sanazolowere kusiyanitsa. Farreri uja ndimamulakalaka, mwina ku Tsangano kumene mapichesi amabereka angalole, kaya kuzizira kwake kungamukwane. Tiona Seputembala akafika, mwinanso ndapeza theka chabe la vuto.