Dilamu yagona, mbiya zikuwira

Lachinayi, kumudzi ku Dedza

Ndadzuka 5 koloko kukasuzumira mowa wa chiliza cha agogo aamuna, mwambo ndi Loweruka lomweli. June wa ku Dedza mukumudziwa, zala kuchita kuuma. Tinafulula pawiri, dilamu ya malita 200 ili m'chipinda cha malata kwa amalume, mbiya ziwiri zili m'khitchini ya udzu ya agogo aakazi. Phala limodzi, chimera cha mawere chomwecho, tinatsira tsiku limodzi.

Mbiya zikuwira bwinobwino, thovu pamwamba, ukayika khutu ukumva kusisima. Dilamu ili zii. Ndagwira chitsulocho kuzizira ngati mwala wa kudambo, chonsecho dzulo cha m'ma 2 koloko inawira mpaka kusefukira pa simenti, ine kumadzitama kuti yathuyi ndiye iyamba kupsa.

Ndabwereka ka thermometer ka m'khola la anapiye. M'chipinda muja m'mawa madigiri 11, masana 30 ndi kanthu, malata akatentha mumakhala ngati mu uvuni. Kwa agogo sikanasunthe kwenikweni, 19 m'mawa 23 masana, udzu ndi dothi zimasunga, komanso moto suzimiratu. Nde vuto ndi limenelo, yisiti, tizilombo towiritsa mowa, imafuna cha m'ma 20 mosadumphadumpha, kukazizira kwambiri imagona n'kukhazikika pansi, kukatentha imathamanga n'kutulutsa mowa woluma pakhosi uja umakumenya mutu mawa lake, ndipo tizilombo towawasitsa tija kutenthako ndi kumene timakukonda. Ndalawa, kuwawasa kwapitirira koma mphamvu mulibe, phala losasa basi.

Agogo angondiyang'ana. "Iwe, mowa ndi khanda, sugoneka pa simenti." Ndati agogo mukanatiuza Lolemba. Ati anatiuza, ife tinali pa foni. Mwina n'zoona.

Tasamutsa ndi ndowa, maulendo khumi, dilamu taikhazika pa matabwa pakona ya khitchini, taikulunga ziguduli ndi bulangete la amalume, agogo atunga zipanda ziwiri za m'mbiya yowira ija kuthiramo kuti audzutse. Shuga akana, ati wa chiliza sathira za kugolosale.

Pano 8 koloko, ndapita ndi tochi, timathovu tayamba m'mbalimbali, pang'ono koma tilipo. Amalume abwera kawiri kudzafunsa bulangete lawo, agogo awapatsa chitenje.