Mathiraki a mayina osiyana, thumba limodzi

Anzanga a ku Mchinji, mukaona mathiraki atandandana pa boda ya Mwami musamaganize kuti dzina lililonse lolembedwa pachitseko lili ndi mwini wakewake. Ena mwa iwo bwana ndi mmodzi.

Pamwamba pawo pamakhala kampani yaikulu imene siyendetsa galimoto. Imangogwira masheya m'makampani ang'onoang'ono: ina ya mathiraki, ina ya nyumba zosungiramo katundu, ina yokonza mapepala a kasitomu ndi MRA. Feteleza akatsika pa sitima ku Nacala kapena ku Beira, mwini katundu amalipira kusunga, kukiliya, kunyamula, malisiti atatu osiyana, koma phindu lonse limakathera kumodzi. Kampani ya mathiraki ikamira m'ngongole amatha kuitseka yokha, zinzake n'kumapitiriza ntchito. Apa m'pamene pali nzeru yawo.

Si nkhambakamwa. Mu 2022 kampani ya sitima zapamadzi ya MSC idagula Bolloré Africa Logistics, kampani yoyendetsa madoko ndi kunyamula katundu mu Africa, yomwe pano imatchedwa AGL. Chaka chomwecho DP World, kampani yoyendetsa madoko ya ku Dubai, idagula Imperial Logistics, kampani yonyamula katundu ya ku South Africa. Amene ali ndi sitima kapena doko akufunanso msewu.

Chimene chimandiwawa ine ndi mnzathu wa thiraki imodzi wa pa Kamwendo. Iye amangotola zotsala akuluakuluwo akalemedwa, mtengo n'kumudulira okha. Akakatsitsa katundu ku Chipata osapeza wobwera naye, dizilo wa ulendo wobwerera amatuluka m'thumba mwake, pomwe anzakewo soya ndi mtedza wa pobwerera adasainirana kale ku ofesi.